Ndapha msilikali wa alamu anga m'masewera, tsopano pakhomo pavuta

Okondedwa Azakhali,

Ndikulemba 1 koloko ya usiku itadutsa kale, mayi a kunyumba agona atandifulatira, ndipo lero ndi tsiku la 9 zili chonchi. Mukamva nkhani yake mwina museka, poti munthu amene akuti ndinapha sanabadwepo n'komwe. Koma alamu anga, achimwene awo a akazi angawa, sakuyankha foni yanga, ndipo pa chinkhoswe Loweruka lapitali anandipatsa moni akuyang'ana kumbali, abale onse akuona.

Ndifotokoze kaye, chifukwa aliyense akuweruza asanamvetse. Apongozi atamva za dayisi akuti ndi juga. Si juga ayi, palibe ngakhale tambala imene imalowapo kupatula ya bandulo. Ndi masewera olemberana nkhani, ndipo tilipo anthu 9 pa Discord, pulogalamu yochezera pa intaneti, atatu kuno kumudzi, ena ku Johannesburg, ku Leeds ndi ku Manila. Nkhani timaitenga mu Mobile Suit Gundam, katuni ya ku Japan ya mu 1979, pa nkhondo ya chaka chimodzi ya U.C. 0079 (chaka cha pa kalendala ya m'katuniyo) pakati pa mbali ziwiri, Earth Federation ndi Zeon. Aliyense ali ndi msilikali wake woyendetsa chiloboti cha mamita 17 kapena 18, ndipo amalemba zomwe msilikaliyo akuchita. Ine ndiye wotsogolera: ndimalemba za adani, za malo, ndi zotsatira za chilichonse.

Malamulo tinabwereka ku Mekton Zeta, buku la masewera a ziloboti, n'kuwafupikitsa. Ukafuna kuwombera kapena kuzinda, umaphatikiza nambala ya changu cha msilikali wako, ya luso lake, ndi dayisi ya mbali 10. Wa nambala yaikulu ndiye wapambana. Chipolopolo chikakugwira, timaponyanso dayisi kuti tione pomwe chalowa, ndipo pa mndandanda wathu 2 ndi pachifuwa penipeni pomwe pamakhala woyendetsa. Malamulo ena awiri onse anavomereza polowa: wafa wafa, palibe kudzuka, komanso ukapanda kulemba kwa maola 48 pakati pa nkhondo, wotsogolera amakuponyera dayisi kuti anzako asaime. Lachiwirili sindinalipeke chifukwa cha nkhanza. Wa ku Manila ali patsogolo pathu ndi maola 6, ndiye munthu mmodzi akachedwa, gawo limodzi la nkhondo limatha sabata yathunthu, anthu n'kugwa ulesi. Masewera olemberana ambiri amafa motero.

Tinali pa nkhondo ya ku Jaburo, likulu la Federation la pansi pa nthaka ku South America, kumapeto kwa Novembala 0079. Msilikali wa alamu anali mu Zaku II, chiloboti cha Zeon, atatsika m'ndege ya Gaw n'kugwera m'nkhalango kutali ndi anzawo. Chifukwa cha tizidutswa ta Minovsky tomwe timasokoneza radar ndi wailesi, sakanatha kuitana wina aliyense, ndipo zimenezo si zanga, ndi mmene dziko la nkhaniyi lilili. Kutsogolo kwawo kunali GM, chiloboti cha Federation, chonyamula beam spray gun, mfuti yofooka patali koma yoboola Zaku ikakhala pafupi. Ndinalemba zonsezo, n'kudikira maola 48, kenako ena 20 apamwamba. Zii. Ndinaponya. Changu chawo 7, luso 5, dayisi inagwa pa 1, zonse 13. Mdani anapeza 18. Dayisi ya malo inagwa pa 2. Msilikali amene anamulemba kwa zaka ziwiri, wokhala ndi mkazi ndi mwana ku Side 3, kwawo kwa a Zeon, ndi makalata omwe ankawalembera, anathera pomwepo.

Iwo akuti foni inali kwa okonza ndipo magetsi anali akuvuta. Chabwino, nanga kubwereka foni ya mlamu wawo wina n'kunditumizira mawu awiri kunavuta pati? Ndiponso alamuwa sanayambe lero kundivutitsa. Tili pa nkhondo ya ku Odessa anakakamira kuti ndiwapatse Gelgoog, pomwe chilobotichi sichinafike kwa asilikali wamba mpaka kumapeto kwenikweni kwa nkhondo. Nditakana, anati ndiye Zaku yawo inyamule beam rifle, mfuti yowombera cheza champhamvu m'malo mwa zipolopolo. Ndinawafotokozera kuti injini ya Zaku ilibe mphamvu yoyendetsera mfuti yoteroyo, n'chifukwa chake imanyamula mfuti ya zipolopolo za 120mm ndi nkhwangwa yotentha. Anakwiya masiku anayi. Kenaka anafuna kuti msilikali wawo akhale Newtype, wa nzeru zodziwiratu komwe mdani akuchokera, chonsecho tinagwirizana kuti gulu lonse ndi la asilikali wamba. Zonsezi ine ndinkapirira, palibe amene akuzikumbukira.

Pali ziwiri zomwe zikundisowetsa tulo. Dayisi timaponyera pagulu kudzera pa bot, kapulogalamu ka pa Discord, kuti aliyense aone. Tsiku limenelo netiweki inkavuta, ndinaponya dayisi yeniyeni patebulo n'kungolemba manambala. Sindinaname, Mulungu ndi mboni, koma umboni ndilibe. Chinanso, mu Juni mnzathu wa ku Leeds anasowa masiku asanu ndipo ndinamudikira. Anali ndi maliro, inde, koma alamu akuti lamulo limagwira iwo okha. Palinso nkhani ina ya ndalama pakati pa ine ndi iwo ya chaka chatha, imeneyo sindiilowa, koma akuuza anthu kuti ndinabwezera pamenepo. Mawu amenewo ndi amene andipweteka kuposa onse. Akazi anga atandifunsa ngati n'zoona, ndinachedwa kuyankha, ndipo kuchedwa kumeneko ndi kumene kwandigonetsa kumsana kwawo.

Njira zowadzutsira ndaziganizira zonse. Zaku ilibe Core Fighter, kandege ka m'chifuwa ngati ka chiloboti cha Gundam, koti woyendetsa n'kuthawiramo, ndiye sindinganene kuti anauluka. Ndingathe kulemba kuti moto unapsereza m'mbali mwa chifuwa, anawatola ali chikomokere n'kukhala mkaidi, poti m'nkhaniyi pangano la ku Antarctica limateteza akaidi a nkhondo. Koma ndinalemba kale kuti chipinda cha woyendetsa chinasungunuka, ndipo anzawo atatu analemba zolira maliro, mmodzi mpaka anasintha khalidwe la msilikali wake chifukwa cha imfayo. Ndikafufuta, ndafufutanso ntchito yawo. Komanso awiri amene asilikali awo anafa ku Odessa adzafunsa kuti awo bwanji, kapena n'chifukwa choti si alamu anga? Kuponyanso dayisi pagulu n'kotheka, koma ikagwanso moipa adzati chiyani? Ikagwa bwino ndiye ngati ndavomera kuti poyamba ndinabera. Ndinawauza kuti apange msilikali watsopano, ndiwayambitse ndi chiloboti cha Rick Dom ku Solomon, linga la Zeon la m'mlengalenga, anangowerenga osayankha. Anthu awiri atuluka kale m'gulu, ndipo nkhondo yaima pakati pa nkhalango kwa sabata yoposa imodzi.

Ndiye Azakhali, ndipepese chiyani kwenikweni, dayisi ya patebulo kapena imfa yonseyo? Ndikapepesa, si ndiye ndavomera za ndalama zija? Kodi nkhani yotereyi munthu angaitengere kwa ankhoswe osasekedwa? Kapena ndingosiyira wina utsogoleri, zaka ziwiri zipite choncho? Nanga akazi angawa ndiwauze bwanji kuti sindinachitire dala, pomwe inenso pena ndimadzifunsa chifukwa chimene sindinadikirireko tsiku limodzi lokha?

Ine wothedwa nzeru,
ku Lilongwe