Kwa mayi eni saluni ya madiredi m'tauni muno: phula lanu lawononga mutu wa mng'ono wanga

Mayi, ndikulemba poyera chonchi chifukwa foni simuyankha, ndipo uthenga wa pa WhatsApp munauwerenga n'kungokhala chete. Ndinu munthu wamkulu, ulemu wanu ndikupatsani, koma mtima ukundiwawa ndipo sindibisa.

Titabwera kudzadandaula za fungo la m'madiredi, mtsikana amene mumamusiya pa saluni, wosunga buku la ndalama uja, anauza mng'ono wanga pamaso pa makasitomala onse kuti mutu wake ukununkha chifukwa cha uve. Anawonjezera kuti anthu a madiredi sasamba, ndiye tisamabwere kudzanamizira saluni. Mpando sanatipatse. Mutuwo sanaukhudze ngakhale ndi chala chimodzi kuti aone chimene tikunena. Anapitiriza kuluka kasitomala wake uku akuseka ndi mnzake, mwana wa mayi anga ataima pakhomo misozi ili m'maso. Tinachokera ku Mchengautuwa pa njinga zamoto, K4,000 anthu awiri kupita ndi kubwera, titauzidwa pafoni kuti tikupezani m'mawa. Sitinakupezeni.

Kumayambiriro kwa mwezi watha, kapena kumapeto kwa winawo, mng'ono wanga anakulipirani K30,000 yotsuka ndi kupota mizu, ndi K12,500 ya chimene munachitcha treatment. Zonse pamodzi K42,500, ndipo uthenga wa Airtel Money ulipo. Popeza mtsikana wanu akuti vuto ndi uve, ndikufotokozereni chimene chachitika m'mutu umenewu, anthu a Mzuzu amene akuwerenga aweruze okha.

Madiredi ake anali ndi miyezi isanu, oyambidwa ndi chipeso, aja opota mozungulira. Pamsinkhu umenewu diredi limakhala lisanagwirane mkati. Munthu aliyense amathothoka tsitsi 50 mpaka 100 patsiku. Kwa wopesa limagwa pansi, koma kwa wa madiredi limatsalira mkati n'kumakolana ndi linzake, ndipo kukolana kumeneku ndiko kumalimbitsa diredi. Pakapita miyezi ingapo, ukaligwira umamva kamfundo kolimba pakati kapena chakunsonga, diredi limatupa, limafupika, tsitsi lina limanyankhalala m'mbali. Siliwoneka bwino, koma ndiye likupita koyenera. Kuti likhwime pamafunika chaka ndi theka, kwa ena zaka ziwiri. Wosamalira madiredi ntchito yake pa nthawi imeneyi ndi kulisiya tsitsi lili lopepuka, loyera ndi louma kuti lizikolana lokha. Inu munachita zosiyana ndi zimenezi pa chilichonse.

Treatment yanu ija ndi phula la njuchi losakaniza ndi mafuta olimba odzola m'thupi aja. Ndikudziwa chifukwa ukafinya diredi pakati pa zala ziwiri mumatuluka phala lotuwa lomata, ndipo ukalipaka papepala silimauma. Phula limasungunuka pa madigiri 62 kapena kuposerapo. Madzi amene khungu la kumutu lingapirire ali chakuma 40. Ndiye tandiuzeni, mayi, phula limeneli munkayembekeza kuti lichoka ndi madzi ati? Silichoka. Limamata tsitsi kuti lisasunthe, diredi n'kumawoneka losalala ndi lonyezimira tsiku limene kasitomala akutuluka m'saluni, koma mkatimo kukolana kwaima. Fumbi la mumsewu, tiulusi ta bulangeti ndi ta juzi, zonse zimakakamira pamenepo. Choipa kwambiri n'chakuti madzi akalowa m'diredi lopakidwa phula satulukanso mwachangu.

Pamwamba pa phulalo, munamuchotsa mu draya patangopita mphindi 15 chifukwa panali wina wodikira. Madiredi aafupi, ofika m'makutu, amafunika mphindi 45 mpaka ola lathunthu mu draya ya chisoti ija, ataliatali amaposa pamenepo. Kunja kumauma msanga, mkati mumatsala chinyezi, ndipo njira yodziwira ndi kufinya diredi lonenepa la kumbuyo kwa mutu ndi kansalu kouma. Palibe anachita zimenezo. Munawamanga onse pamodzi molimba, akadali onyowa, n'kumuuza kuti asamasule kwa sabata ziwiri. Kuno ndi ku Mzuzu, mayi. Chifunga cha m'mawa, mvula yowaza tsiku lonse, zovala pachingwe zimagona masiku osauma, inuyo mukuzidziwa bwino. Bulangeti lonyowa mukalipinda n'kuliika m'sutikesi limachita chuku, ndipo diredi lonyowa lomatidwa ndi phula limachita chimodzimodzi. Fungo limene mtsikana wanu analitcha uve ndi la chuku chimene chinamera mkati mwa madiredi chifukwa cha ntchito ya manja a pasaluni panu.

Kapotedwe nakonso. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, n'chifukwa chake mizu imapotedwa pakadutsa sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi, ndipo chopotedwa ndi tsitsi latsopano la pamuzu lokha. Kuzunguliza kawiri kapena katatu kwakwana, kenako kupana ndi kilipu osakoka khungu. Munthu sayenera kumva kuwawa. Mng'ono wanga anamwa Panado kuti agone usiku umenewo, ndipo m'mawa mwake m'mphepete mwa chipumi ndi kumbuyo kwa makutu munali tiziphuphu toyera. Tiziphuphu timeneti ndi chizindikiro chakuti muzu wa tsitsi ukukokedwa mopitirira. Kukoka kotere kukabwerezedwa, muzu umafa ndipo dazi lake silimeranso. Komanso madiredi ake anayambidwa opotera kumanja, wantchito wanu anapotera kumanzere. Kusintha mbali kumamasula zimene zinayamba kugwirana ndipo kumasiya malo ofooka pomwe mbali ziwirizo zakumana. Wodziwa ntchito amayang'ana kaye mbali imene diredi likuzungulira asanaligwire. Lero madiredi atatu akutsogolo apyapyala pamuzu moti akulendewera pa tsitsi lowerengeka, ndipo limodzi ladukiratu. Tinalikulunga papepala, tinabwera nalo tsiku lija, mtsikana wanu anakana kuliyang'ana.

Ndiye lumo la sizasi! Tsitsi lonyankhalala m'mbali mwa diredi latsopano silidulidwa. Ndilo limene limadzalowa mkati n'kunenepetsa diredi. Limagonekedwa popukusa diredi pakati pa zikhato, kapena kulowetsedwa ndi singano ya kroshe yaing'ono, ya mamilimita 0.5 mpaka 0.75, modekha. Inu munameta monse kuti chithunzi chituluke chokongola, ndipo timfundo tina ta kunsonga munadula, kubweza m'mbuyo ntchito ya miyezi isanu.

Tsopano mvetserani chimene ndikufuna. Mubweze K42,500 yonse, muwonjezere K4,000 ya ulendo umene munatiitanira inu n'kusapezeka. Ndi K46,500. Ndalama imene tikulipira kwa munthu wina kuti akonze mutuwu sindikukuwerengerani, ngakhale ndikanayenera. Mutumize pa nambala yomwe inakulipiraniyo, ili m'buku lanu. Ndipo mtsikana wanuyo apepese kwa mng'ono wanga pamaso pake, inu mulipo. Musatiuze zoti tibwere mudzamupotenso mwaulere, mutu umenewu simuugwiranso. Lachisanu likadutsa muli chete, ndikulemba kalata ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, ndiphatikiza uthenga wa malipiro, zithunzi za tiziphuphu ndi diredi lodukalo, ndipo ina ndikapereka ku khonsolo ya mzinda kumene mumatenga chiphaso cha bizinesi. Lamulo loteteza ogula lilipo m'dziko muno kuyambira 2003, ndipo silinapatule saluni. Sindikuopsezani chabe, ndichita.

Zoti anthu a madiredi sasamba zandipweteka kuposa ndalama. Mawu amenewa ndi omwe aja ankabwezetsa ana pageti ya sukulu zaka zambiri, mpaka mu May 2023 pamene Khothi Lalikulu ku Zomba, pansi pa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti kuletsa ana a madiredi m'sukulu za boma n'kuphwanya malamulo a dziko. Anthu anavutikira chigamulo chimenecho. Kuwamva mawu otere m'saluni imene chikwangwani chake chajambulidwa madiredi, imene imadya ndalama za anthu a madiredi tsiku ndi tsiku, n'chinthu chochititsa manyazi. Abale anga a ku Chibavi, Luwinga, Zolozolo, ndi inu ophunzira a ku Mzuni amene mumadzaza mabenchi a masaluni amenewa Loweruka, kodi ndi mmene tizilandiridwira titalipira?

Ndipo kuti bodza la uvelo lithe, kasamalidwe ka mutu umenewu ndi aka. Amatsuka sabata ziwiri zilizonse ndi shampu yowoneka ngati madzi, osati yoyera ya mkaka ija imene imasiya zotsalira. Amavala kasokosi kopyapyala kumutu potsuka kuti madiredi asamasuke, amatikita khungu ndi nsonga za zala, n'kutsukuluza mpaka madzi atuluke opanda thovu. Kondishona sagwiritsa, chifukwa imaterereretsa tsitsi ndipo diredi latsopano limamasuka. Amatsuka m'mawa tsiku la dzuwa, osati madzulo, n'kufinya ndi tisheti yakale m'malo mwa thaulo la ubweya limene limasiya tiulusi. Pogona amamanga mpango wa satini, ndipo kukazizira mu June ndi July mpangowo umakhala pansi pa chipewa cha ubweya. Mafuta ndi madontho ochepa opepuka pakhungu basi, kamodzi kapena kawiri pasabata, ndi kupopera timadzi pang'ono tsitsi likauma kwambiri. Miyezi isanu yonseyo mutu sunanunkhepo. Unayamba kununkha utadutsa m'manja mwanu.

Amene munapakidwa treatment imeneyi kapena ina yofanana nayo, musadikire fungo. Tengani diredi limodzi la kumbuyo, linyowetseni ndi madzi ofunda, lifinyeni mwamphamvu. Mukaona zotuwa zomata zikutuluka, kapena diredi likulemera ndipo likutenga tsiku lonse osauma, phula lili mkati. Kulichotsa n'kotheka koma n'kwa pang'onopang'ono. Viikani madiredi okha, osati khungu, m'beseni la madzi otentha mmene manja angapirire kwa mphindi khumi, pakani shampu yochotsa mafuta, finyani diredi lililonse kuchokera kumuzu kupita kunsonga, tsukuluzani, bwerezani. Zimafunika maulendo angapo, motalikitsa masiku. Pa fungo la chuku, tsukuluzani komaliza ndi viniga wa maapozi, gawo limodzi m'magawo anayi a madzi, kenako madzi okhaokha, n'kuumitsa mpaka mkati. Zoviika mu soda zisiyireni madiredi okhwima, atsopano amamasuka ndipo tsitsi limauma kwambiri. Dziwani kuti ngakhale mutasamala chotani, madiredi ena atsopano amasuka potsuka chonchi ndipo adzafunika kuyambidwanso. Ndicho chimene chikumuliza mng'ono wanga.

Diredi lopyapyala pamuzu musalipotenso. Liphatikizeni ndi loyandikana nalo kuti muzu ukhale umodzi wolimba, ndipo mutu wonse upumule miyezi iwiri osapota, osamanga mokoka. Tiziphuphu tikayamba kutuluka mafinya kapena khungu likatupa, pitani kuchipatala, musapake mafuta ena pamwamba. Ndipo mukakhala pampando wa saluni iliyonse, funsani kuti akuonetseni chimene akufuna kukupakani chisanafike kumutu. Chikakhala cholimba moti chala chikusiya dzenje m'chitini, kanani. Jelo wopepuka amene amasungunuka m'madzi, alovera, ngakhale madzi okha, zimakwana kupotera mizu. Akakukokani mpaka nsidze kukwera, nenani pomwepo, ndalama ndi yanu ndipo mutu ndi wanu.

Mayi, chitini cha treatment yanu chija chilibe chizindikiro chilichonse, mumachita kutapa ndi supuni. Poyankha, lembani pano poyera zonse zimene munasakanizamo. Ngati muli utoto wakuda kapena guluu, katsukidwe kake kamasintha, ndipo amene akukonza mutu wa mng'ono wanga akufunika kudziwa asanautsukenso Loweruka likubwerali.