Nyanja ili pakhomo, alimi anzathu atha kutilandira

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndinenepo za ulendo omwe ndinayenda ndi banja langa mu Ogasiti, chifukwa chibwerereni nkhaniyi ikungondizungulira mmutu.

Ine ndi mlimi wa fodya ndi soya kuno ku Kasungu, zaka zadutsa 40 koma nyanja ndinaiona kamodzi kokha ndili ku pulayimale, ana anga atatu ndiye madzi ambiri omwe amawadziwa ndi damu la Chitete basi. Titagulitsa soya ndinabwereka Sienta ya alamu anga, tinalawira mbandakucha kutsata msewu wa M18, pa Malomo tinaima kugula nthochi kenako tinalowa mnkhalango ya Nkhotakota. Abale mitengo ija! Kwathu yangati imeneyo tinaimaliza kalekale ndi zigafa ndi mabani. Njovu zomwe anazisamutsira mmenemo kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, pafupifupi 500, sitinazione, tinangoona ndowe zake mumsewu ndi anyani, koma ana sanachoke pawindo. Titayamba kutsetsereka nyanja nkuonekera, wamng'ono anangoti, "Ababa, nanga tsidya lake lili kuti?"

Pa boma la Nkhotakota tinakaona mtengo omwe David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863, tinasamba mnyanja mwera ukuomba, ndiye nkuyamba kufunsa pogona. Apa ndipomwe panandiwawa. Maloji am'mbali mwa nyanja ndi okongola inde, koma chipinda chimodzi usiku umodzi ndalama yake ndi matumba angapo a soya, ndiye ife asanu tikanatani?

Anatipulumutsa ndi bambo wina mlimi wa mpunga chakufupi ndi mtsinje wa Bua njira yaku Dwangwa, m'bale wake wa mnzanga wa kutchalitchi. Tinangoimba foni iwo nkuti bwerani, alendo sabwezedwa. Nyumba yamalata, chipinda chosesa bwino, mphasa, matiresi ndi neti, bafa lamadzi otentha. Mayi akunyumbako anaphika kondowole ndi usipa wauwisi, akazi anga omwe amati kondowole sangamuyese anadya mpaka kufunsa mmene amaviikira chinangwa, mmawa mwake anapita nawo kukaona. Phala linali la mpunga wawo omwe, fungo lake kumveka mpaka panja. Usiku anatitengera kugombe kukaona nyali za asodzi zitandandana pamadzi ngati tauni, ana anakhala duu.

Koma chomwe chinandilowa kwambiri ndi macheza apakhonde. Bambowo anati, "Achimwene, Bua ameneyu amachokera ku Mchinji nkudutsa kwanuko, mukadula mitengo uko matope ake amafika kuno." Anandilongosolera kuti mpasa imakwera mumtsinje kukaswana, ndiye madzi akadzadza matope malo oikira mazira amakwiririka. Ine Bua ndamuoloka kambirimbiri popita ku Lilongwe koma sindinaganizepo kuti nkhuni za mu bani yanga zikukhudza ndiwo za munthu wakunyanja. Zimenezo kuloji ndani akanandiuza?

Ndalama anakana kwamtuwagalu, tinachita kusiyira mayi mokakamiza pamodzi ndi ndowa ya mtedza. Ndiye pempho langa lili apa. Makhonsolo athu ndi oona zokopa alendo, bwanji osalemba alimi omwe ali ndi chipinda chapadera, kuwaphunzitsa zaukhondo, kuona chimbudzi ndi madzi akumwa, nkugwirizana mtengo oti mphunzitsi kapena mlimi ngati ine akwanitse? Mndandanda wake uzipezeka pakhonsolo ngakhale pa WhatsApp pomwe, ndipo mfumu yamudzi izidziwa kuti kwabwera alendo kuti pasakhale mantha mbali zonse. Sikuti aliyense ali ndi mnzake wa kutchalitchi omulumikiza ayi. Mlimi naye asamachite manyazi kulandira ndalama, nkhuni, sopo ndi usipa uja anachita kugula.

Ifenso kuno tingathe, amene akubwera kudzaona njovu ku Kasungu National Park atha kugona kwa mlimi wa mtedza nkudya nkhwani zotendera. Bambo aja ndawaitana abwere mu Epulo nthawi ya zitheba ndi mondokwa, chipinda cha anyamata ndayamba kale kuchikonza, changotsala chitseko.

Mlimi wokhudzidwa,
Kasungu