Masitolo akale a ku Salima akutha tikuona

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za tauni yathu ya Salima. Njanji idafika kuno mu 1935, tauni nkumakula, Amwenye nkumanga masitolo a makhonde aakulu. Eni akewo atasamutsidwira m'mizinda ikuluikulu m'zaka za m'ma 1970, makhondewo adapitiriza kudyetsa matelala athu. Yunifolomu yanga yoyamba idasokedwa pakhonde lotero, ndi mkulu wina wa tepi m'khosi, akupalasa makina a Singer uku akundikalipira kuti ndiime chilili.

Ndidadutsapo sabata yatha. Khondelo adaligumula, pali tizipinda togulitsiramo mafoni ndi mayunitsi. Malonda sindikuwakana ayi, anthu adye. Koma akuluakulu athu, simungatisungireko nyumba ziwiri zokha, nkumazipaka laimu, adzukulu athu adzazione?

Wokhudzidwa,
Salima