Buku langa mukulisungiranji pakauntala?

Bwana manijala,

Ndalemba kalatayi chifukwa mafoni anu ndatopa nawo, ukaimba amangoti dikirani tifunse kusitolo kenako foni yadulidwa. Oda yanga ya buku la gemu ya Dungeons & Dragons muli nayo mu kompyuta mwanu, risiti ndinatumiza kawiri pa WhatsApp, ndiye izo sindibwerezanso.

Ine ndimakhala ku Nkhotakota pa boma. Kuti ndifike ku shopu kwanu ku Lilongwe ndimadzuka 4 koloko m'mawa, minibasi mpaka Salima, kusinthanso ina, pobwerera kunja kwada kale. Ndabwera katatu. Ulendo woyamba akuti katundu sanafike, wachiwiri wamakiyi watuluka. Wachitatuwu ndi umene wandiwawa mpaka lero.

Buku linalipo, ndinaliona ndi maso angawa. Mtsikana wanu wa pakauntala anang'amba pepala lokutira popanda kundifunsa, ataona chizindikiro cha 18+ anaitana mnzake, nkuyamba kuseka, kenako mokweza akuti achimwene ndiye inu ndi aja a mabuku olaula ndi za ufiti eti? Kumbuyo kwanga kunali mayi ndi ana awiri akugula makope, mayiyo mpaka anakokera ana ake kumbali. Ine bambo wa ana atatu ndinangoti kakasi. Mapeto ake buku analibweza pansi pa kauntala akuti a manijala aliwone kaye. Aliwone chani, poti munandigulitsa ndinu nomwe ndalama nkulandira?

Mwina simudziwa zomwe mumagulitsa ndiye ndikuuzeni. Dungeons & Dragons ndi gemu ya patebulo, ilipo kuyambira 1974, mmodzi amasimba nkhani ena nkumaponya dayisi ya mbali 20 kuti aone ngati zomwe akufuna kuchita zatheka. Ife tilipo 6, tonse akuluakulu, timakumana Loweruka masana. Nkhani yathu tinaiyika pa nyanja ngati nthawi ya Jumbe m'zaka za m'ma 1800, pamene akapolo ankawolotsedwa kuchokera kuno ulendo wa ku Kilwa ku Tanzania, ndipo mtengo womwe Livingstone anakumana ndi Jumbe uli konkuno. Nkhani zotere sizamasewera ayi. Tsiku lina ndinasimba za mayi akulandidwa mwana pagombe, ndinapitirira muyeso osadziwa, mnzathu wina anangodzuka nkumapita osatsanzika, anatha milungu itatu osabwera. Ndinalifunira zimenezo bukuli, limathandiza kuti musanayambe mugwirizane zoti izi tikamba izi ayi, munthu akafuna kuimitsa nkhani achite bwanji, komanso munthu wa mu gemu yemwe waona nkhondo mutu wake umasokonekera motani. Inde muli masamba a zachikondi ndi za kuchipinda, nchifukwa chake analemba 18+, ndipo ana anga sakhala nawo patebulopo. Koma kunditcha wolaula pagulu, zimenezo ayi sindilola.

Ndikupempha zitatu basi. Buku munditumizire kuno mwezi uno usanathe, ndalama yotumizira mulipire inuyo, thiransipoti ya maulendo atatu aja mundibwezere, ndipo mtsikana uja andiimbire foni apepese ndi pakamwa pake. Mukalephera bwezani ndalama yanga yonse. Anzanga amafuna aode madayisi ndi mabuku ena awiri kwa inu, ndawauza adikire kaye, kuli mnzathu ku Johannesburg yemwe akubwera mu Disembala angatitengere.

Ine kasitomala wanu wa ku Nkhotakota.