Kwa mwana wanga amene akuti wasiya kuthokoza

Mwana wanga,

Kuno tadzuka, kupatula mwendo uja umene umandivuta kukazizira. Akundilembera kalatayi ndi mlongo wako, poti maso anga saonanso zilembo zazing'ono. Ndamuuza kuti alembe momwe ndikuyankhuliramu, asachotsepo kanthu ngakhale aone kuti ndakukalipira.

Nkhani yako yandipeza. Usavutike kufunsa kuti wandiuza ndani, Lilongwe si kutali, maminibasi amanyamuka pa Kasungu m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo. Akuti shopu watseka, njinga yamoto imodzi wagulitsa, inayo adakulanda angongole. Ndamva chisoni, koma katundu amapita n'kubweranso. Chimene chandisowetsa tulo ndi mawu amene akuti udayankhula mkazi wako atabweretsa nsima n'kunena kuti tipemphere. Akuti udati, "Tithokoze chiyani?" n'kutema mbamu, ana akukuyang'ana. Iweyo? Mwana amene ndinkakubereka kumbuyo popita ku Chigwirizano, amene unkaloweza mavesi a Sande Sukulu kuposa anzako onse?

Ndikuuze mosabisa, mawu amenewo sadayambe shopu itatsekedwa. Adayamba zinthu zikuyenda. Kumbuka Khirisimasi ija udabwera ndi shuga, zitenje ndi foni yanga ija. Malume ako adakugwira dzanja n'kuti Mulungu wakudalitsa, iwe n'kuyankha kuti, "Malume, m'tauni mumafunika mutu." Anthu adaseka, ine mtima udandigunda. Zaka zonse zimene ndalama zinkakubwerera, nthawi ya masika kutchalitchi kwathu sudatumizeko ngakhale kandalama ka sopo kuti dzina la bambo ako limveke. Unkati watanganidwa.

Mutuwo adakupatsa ndani? Mose adawachenjeza kale Aisraeli asanalowe m'dziko lija, zili pa Deuteronomo 8, kuti mukadzadya n'kukhuta, n'kumanga nyumba zokongola, musadzanene mumtima kuti chumachi ndachipeza ndi mphamvu ya dzanja langa. Ndipo akhate khumi aja a pa Luka 17, asanu ndi anayi amene sadabwerere aja, sitimva kuti adamunyoza Yesu. Adangochira n'kupitiriza ulendo, aliyense ndi zake. Adabwerera mmodzi yekha, Msamariya, mlendo. Iwe udali m'gulu la asanu ndi anayiwo kalekale, kungoti m'thumba mudali ndalama ndiye palibe adazindikira. Pakamwa pamene sipadazolowere kuthokoza pa nyama sipangayambe kuthokoza pa nkhwani wopanda tomato.

Sindikunena kuti mavuto akowo ndi abodza. Kuyambira pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe amene akupuma bwino. Kuno feteleza timangomuonera m'mashopu, ambiri abwerera ku manyowa. Amene adatseka mabizinesi si iwe wekha, ndipo sindikukuona ngati waulesi. Udagwira ntchito, ndikudziwa. Udali mwana wodzuka m'mamawa kuyambira kale, fodya unkasoka mpaka zala kuda bii, osadandaula.

Za 2002 ukuzikumbuka pang'ono, udali wamng'ono. Njala ija kuno ku Kasungu idatipeza tilibe pogwira. Tidadya madeya mpaka madeyawo adasowa, tidaphika mango osapsa, tidakumba zitsa za nthochi n'kusinja. Mbuzi zidapita pa mtengo wa nkhuku. Anthu ankagona kumunda kulondera chimanga chisanakhwime n'komwe. Mng'ono wako tidamuika m'manda mwezi wa February, maliro ake anthu sadadye kanthu chifukwa kunalibe choti n'kuphika. Tsiku lotsatira ndidaphika phala la madeya lamadzimadzi, mbale imodzi tonse. Bambo ako adavula chipewa. Ine ndinkaganiza kuti lero sapemphera, ndipo akadapanda kupemphera sindikadawada. Adati, "Ambuye, n'chochepa, Inu mukuchiona. Mwana mwatenga, mtima ukutipweteka. Koma awa mwatisiyira, zikomo." Awa ankanenawo ndiwe ndi mlongo wakoyu, amene pano akulemba akulira.

Taona, bambo ako sadaname pamaso pa Mulungu kuti takhuta. Adadandaula, misozi ikutsika. Kudandaula kwa Mulungu si tchimo, Masalimo adzaza ndi anthu olira ofunsa kuti mpaka liti. Yobu adang'amba chovala chake, adameta mutu, adagwa pansi, komabe adati Yehova adapatsa, Yehova watenga, dzina lake lidalitsike. Ukafuna kulira, lira. Ukafuna kumufunsa Mulungu chifukwa chake, mufunse, sachita mantha ndi mafunso ako. Koma umufunse utamuyang'ana, osati utamufulatira, ndipo osati pamaso pa adzukulu anga ngati ukunyoza. Ana amatola mawu. Mawa mwana wako adzakankha mbale n'kuti tithokoze chiyani, udzamumenya chifukwa chiyani?

Bambo ako omwewo, chaka chimene fodya adayenda bwino ku Chinkhoma n'kugula malata a nyumba ino, asanapite kokagula malatawo adayamba apatula za kutchalitchi. Pemphero lawo pa nsima ya nkhuku lidali lomwe lija la pa phala la madeya, kutalika kwake komweko. Ena ankawaseka kuti amachedwetsa nsima. Nawenso unkatsegula diso limodzi kuyang'ana chiwindi, ndinkakuona.

Azakhali ako a kwa Chulu, njovu zidawadyera munda wonse usiku umodzi. Paja zidachuluka kuyambira pamene adabweretsa zina 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022. Pa masika adabwera ndi kambale ka mtedza, kuvina nako mpaka kutsogolo, anzawo atasenza matumba. Manyazi analibe. Iwe uli ndi manja awiri, mkazi wakhalidwe amene sadathawe ndalama zitatha, ana athanzi amene ali pasukulu, ndiye ukufunsa kuti uthokoze chiyani?

Ndamvanso za mnzako uja amene akukukokera kwa mneneri wina, amene akuti ukafesa mbewu ya ndalama zibwerera kakhumi. Mnzakoyo sindidamukonde kuyambira tsiku limene adabwera pano n'kundipatsa moni ali chiimire, manja m'thumba. Usapite. Ndalama yochepa yatsalayo gulira ana ufa. Mulungu sakongozedwa katapila, kuti umupatse lero mawa akubwezere ndi chiwongoladzanja. Ndipo nane sindikukulonjeza kuti ukayamba kuthokoza shopu itsegulidwa sabata yamawa. Mwina itsegulidwa, mwina ayi. Habakuku adati ngakhale mkuyu usaphuke, m'khola musakhale ng'ombe, iye adzakondwerabe mwa Yehova, ndipo mavesiwo satiuza kuti ng'ombe zidabwerera. Paulo polembera Atesalonika adati m'zonse yamikani. M'zonse, mwana wanga, osati pa tsiku la malipiro lokha.

Za mowa sindinamve kanthu, ndipo ndisamve. Mtima wowawa umafuna pothawira, ndawaona anzako angapo pa Santhe mmene adathera.

Mkazi wako umupepese. Iye ndi amene akusenza nyumbayo m'mapemphero pamene iwe wakhala duu, ndipo mawu ako aja adamulasa. Usiku womwe ulandire kalatayi, nsima ikabwera, vula chipewa upemphere ndiwe, ngakhale mawu atakhala awiri okha. Lamulungu upite kutchalitchi. Ngati ukuchita manyazi kuti anthu akuona wopanda njinga, khala kumbuyo, koma upite. Ukawaonenso abusa kapena mkulu wa mpingo wa kudera kwanu, uwafotokozere zonse, ngongole zomwe, usabise.

Zikakanika ndithu m'tauni, bwerani kuno. Munda wa bambo ako ulipo, dimba lija la kudambo likungomera udzu. Palibe amene adzakuseke, ndipo woseka adzayankhana ndi ine.

Ndatumiza thumba la chimanga, mtedza ndi ufa wa soya wa phala la ana. Akupatsira ndi mwana wa malume ako Lachisanu, ukamudikire ku depoti. Mtedzawo usagulitse, ndi wa adzukulu anga. Lamulungu madzulo imba pa foni ya mlongo wako, yanga ija batire lidafa. Ndikufuna ndimve mawu ako, osati uthenga wolemba.

Ndine mayi ako,
kuno ku Kasungu