Aphunzitsi, bweretsani mabuku a nkhani zoona m'kalasi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi aphunzitsi a kuno ku Harare. Chithetsereni CALA (ntchito zimene ana ankapatsidwa m'kati mwa chaka kuti ziwonjezere malikisi a mayeso) mu 2024, ana akupatsidwa mapulojekiti n'kuuzidwa kuti akafufuze. Akafufuze kuti? Ambiri amangobwereka foni ya mayi awo n'kukopera zimene zayamba kutuluka. Ine mwana sindimuimba mlandu. Chiyambireni sukulu, buku lokhalo lofotokoza zenizeni limene analigwirapo ndi la silabasi, lomwenso amachita kulimbirana ndi anzake. Zina zonse ndi manotsi a pabolodi.

Titenge phunziro la mbiri. Manotsi amangoti anthu a ku Nyasaland ankabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, basi. Koma pali buku la Charles van Onselen lotchedwa Chibaro, la mu 1976, lofotokoza za ogwira ntchito m'migodi ya Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero) kuyambira 1900 mpaka 1933: mmene ankawalembera ntchito mowakakamiza, chakudya chimene ankapatsidwa, matenda a m'makomboni, ndiponso mmene ena ankathawira. Chingerezi chake n'cholemera ndithu, sindikunena kuti mwana wa Fomu 3 alimalize. Masamba awiri okha, mphunzitsi awerenge nawo limodzi, kenaka afunse kuti wolembayu zimenezi anazidziwa bwanji. Mwana wa ku Mbare kapena ku Epworth, amene agogo a bambo ake anayenda wapansi kudzera ku Tete, akafika kunyumba ali ndi mafunso, ndipo agogo otsalawo akadali ndi mayankho. Apezanso kuti Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali wa ku Nyasaland ndipo anayamba wagwirako ntchito kuno.

Sayansi nayonso chimodzimodzi. Kolera ya mu 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo dera la Budiriro muno mu Harare linavutika koopsa. Mwana amene wawerenga bwino za madzi amvetsa kuopsa koti Nyanja ya Chivero, imene timamwa, ili kumunsi kwa mzinda, kumene zonyansa zathu zomwe zimatsikira.

Ndikudziwa yankho la aphunzitsi: mayeso a ZIMSEC (bungwe loyendetsa mayeso m'dziko muno) sadikira, malipiro ndi ochepa, sukulu ilibe laibulale. Zoona zimenezo. Komabe Harare City Library ikadalipo pa Rotten Row, ndipo kufotokopa masamba awiri sikungathe thumba la sukulu. Theka la ola Lachisanu lililonse ndi lokwanira poyambira.

Chondiwawa china n'chakuti malamulo a dziko a mu 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma buku la m'Chichewa la zaulimi, zaumoyo kapena mbiri silioneka m'sitolo za m'tauni muno. Abale amene mumakwera basi za ku Blantyre ndi Lilongwe, pobwera muzitengako limodzi kapena awiri, mukapereke kusukulu kumene ana anu amaphunzira.

Ndine kholo,
Mabvuku, Harare