Magetsi oyenda okha? Wailesi isatipusitse

Akonzi,

Lachiwiri madzulo muulutsi wa wailesi ina anauza anthu kuno ku Kasungu kuti asayansi apeza magetsi oyenda okha m'maginito, ndiye kuzimazima kwatha. Kwatha kuti? Mwina kunyumba kwa bwanawo.

Nkhani imene anaipotozayo ndi ya quantum anomalous Hall effect. Mu 1980, Klaus von Klitzing anapeza kuti kachidutswa kopyapyala kakazizira kwambiri pakati pa maginito amphamvu, magetsi amangotsata m'mphepete mwake, ndipo muyeso wopingasa (wa ma ohm, woyezedwa mopingasa njira ya magetsiwo) sukwera pang'onopang'ono koma umadumpha masitepe: ma ohm 25,812.8, theka lake, kumatsika choncho. Mu 2013 gulu la Xue Qikun ku Tsinghua University, Beijing, linapeza sitepe yoyambayo maginito akunja atazimitsidwa. Anathira chromium mu bismuth, antimony ndi tellurium kuti kachidutswako kakhale maginito pakokha. Chimene anachotsa ndi maginito, bwana muulutsi, osati batire. Magetsiwo amachita kulowetsedwa ndi waya ngati kwina kulikonse.

Nanga kuzizira kwake munakutchula? Madigiri 0.03 pamwamba pa -273.15 Celsius, omwe ndi malire a kuzizira konse, m'firiji yoyendera helium. Kukangofunda pang'ono magetsi amadutsa pakati, muyeso uja n'kusokonekera, chifukwa chromium sagawanika mofanana m'kachidutswamo. Ngakhale manganese bismuth telluride wa mu 2020 anangofika madigiri 1.4 pamwamba pa malire omwewo. Kayeseni pa Chinkhoma mu Okutobala.

Ndiye magetsi ake ndi ochepetsetsa. Akayandikira gawo limodzi mwa 1,000,000 la ampere muyeso uja umayamba kusokonekera, pamene babu la mawati 5 pa mavoti 230 limakoka ma ampere pafupifupi 0.02. Ntchito yake yeniyeni ndi kuyezera ma ohm molondola popanda chimaginito chodula, basi.

Chondiwawa n'choti mawa wina abwera pamsika ndi kabokosi komata maginito a sipika, ati "munamva pa wailesi", mlimi n'kutaya ndalama za fodya. Ana athunso akhulupirira bwanji zoona, pomwe ambiri amamaliza Folomu 4 ammeter, yoyezera magetsi, atangoiona pa bolodi?

A MACRA, kodi bodza lotere silikukhudzani? Wailesiyo ikonze zimene inanena pa nthawi yomweyo ya pulogalamu, ndipo ulendo wina iziyamba yaimbira mphunzitsi wa fizikisi ku Zomba kapena ku Mzuzu.

Wokhumudwa,
Kasungu